Matenda anatha koma mphamvu sizikubwerera: mmene mungagawire mphamvu zanu

Moni nonse omvera. Lero tikulankhula ndi inu amene munadwala COVID-19, fuluwenza, dengue kapena matenda ena a vairasi, kutentha thupi kunatha kalekale, koma mpaka pano mukangokwera kachitunda miyendo imachita lende. Mu Okutobala 2021 bungwe la WHO linafotokoza kuti pakapita miyezi 3 chiyambireni COVID-19, zizindikiro n'kukhalapo kwa miyezi yosachepera 2 popanda nthenda ina yozichititsa, limeneli ndi vuto palokha, lomwe ambiri amati long COVID. Si ulesi ayi.

Muyambe mwapita kuchipatala akakuyezeni. Kuchepa kwa magazi, shuga, vuto la chithokomiro, TB ndi HIV zonsezi zimafooketsa thupi chimodzimodzi, ndipo zili ndi mankhwala ake.

Tsono mvetserani bwino apa, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amasokonekera. Kutopa kwa mtundu umenewu sikubwera nthawi yomweyo. Mwachapa zovala Lolemba m'mawa, mwamva bwinobwino. Lachiwiri madzulo kapena Lachitatu ndi pamene thupi limaphwanya, mutu waa, maganizo osagwira, kudzuka kokanika. Kawirikawiri pamapita maola 12 mpaka 48, ndipo kugwa kumeneku kutha kutenga masiku angapo. Poti ntchito ija munaiiwala, simudziwa chakugwetsani, ndiye mukangopezako bwino mumabwereza zomwezo.

Pezani kope. Kwa masabata 2, tsiku lililonse lembani zimene mwachita ndi mphindi zake, kenako madzulo mudzipatse nambala kuyambira 0 mpaka 10 ya mmene mwatopera. Musalembe ntchito zamanja zokha. Kuwerengera ndalama, kucheza ndi alendo, kukangana, kuyang'ana foni nthawi yaitali, zonsezi zimadya mphamvu zomwezo. Tsiku limene mwagwa, bwererani m'kope masiku awiri m'mbuyo, muona chimene chinakupweteketsani.

Mtima nawo ungakuuzeni malire. M'mawa musanadzuke, ikani zala ziwiri pamkono, m'munsi mwa chala chachikulu, muwerenge kugunda kwa masekondi 30, muchulukitse kawiri. Chitani zimenezi masiku 7 kuti mudziwe nambala yanu yanthawi zonse. Akatswiri ena amalangiza kuti pogwira ntchito musapitirire nambala imeneyo ndi 15. Ngati yanu ndi 70, mtima ukafika 85 khalani pansi mpaka utsike. Mukadzuka n'kupeza nambala yakwera kuposa masiku onse, tsikulo muchepetse zochita.

Ntchito muziidula zidutswa. Mphindi 10 kugwira, mphindi 10 kapena 15 kupuma, ndipo muzilekeza musanatope, osati mutatopa. Sambani mutakhala pampando, ndi madzi ofunda, chifukwa otentha kwambiri amatsegula mitsempha n'kubweretsa chizungulire. Kupuma kwenikweni ndi kugona pansi pamalo opanda phokoso, maso otseka, foni ili patali.

Tsiku loopsa kwambiri ndi limene mwadzuka bwino, chifukwa mtima umafuna kumaliza ntchito zonse zotsalira. Gwirani mlingo womwe uja wa masiku onse. Mukakhala sabata imodzi kapena awiri osagwa, onjezani chinthu chimodzi chokha, pang'ono, mwina mphindi 2 pa kuyenda kwanu, n'kudikira masiku atatu muone. Zikabwerera, bwererani pa mlingo wakale. Achibale, chonde musamukakamize wodwala kuti achite masewera olimbitsa thupi kuti alimbe. Mu 2021 bungwe la NICE, lomwe limapereka malangizo a zachipatala ku UK, linasiya kulimbikitsa njira yowonjezera masewera mwandondomeko yosasintha kwa odwala ME/CFS, nthenda ya kutopa kwa nthawi yaitali yomwe ili ndi kugwa kotereku.

Ena akaimirira mtima umathamanga, m'maso n'kuchita mdima. Yesani motere pali munthu pafupi: gonani mphindi 10, werengani mtima, imirirani, muwerengenso kangapo mkati mwa mphindi 10. Ukamakwera ndi 30 kapena kuposa n'kukhala pomwepo, kauzeni adokotala, mwina ndi vuto lotchedwa POTS. Dzukani mwapang'onopang'ono, kukhala kaye m'mphepete mwa bedi. Imwani madzi malita 2 mpaka 3 patsiku, koma ngati muli ndi vuto la mtima kapena impso mufunse kaye, ndipo mchere musaonjezere popanda adokotala, makamaka ngati muli ndi BP. Mpweya ukamaperewera, kokerani m'mphuno kuwerenga 2, mutulutsire pakamwa milomo mutaisongola kuwerenga 4.

Koma pachifuwa pakapweteka, mukabanika mutangokhala, mukakomoka, mukakhosomola magazi, mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka, kapena mbali imodzi ya thupi ikafooka mwadzidzidzi, kope lija lisiyeni, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.