Land Rover yakale: nambala kaye, penti pambuyo (zomwe amdala athu a garaji analankhula ku Matero)

Chabwino tiyeni tiyambe, anyamata a kumbuyoko tsitsani mafoni pang'ono. Nonse mwamva za mnyamata wathu uja amene anakakoka Land Rover ku famu ku Chisamba, dzina sinditchula mukumudziwa. Motoka anaigula, anaipenta bwinobwino, mipando anakasoketsa, matayala anayi atsopano. Tsiku lopita ku RTSA, aja olembetsa mamotoka, kuti asinthe dzina pa white book, buku la umwini wa motoka, oyendera aja anagwada n'kuyang'ana pansi, nambala ya pa chassis ina, ya mu buku ina. Pano motoka ili ku polisi ikudya dzuwa, amene anamugulitsa foni sakuyankha. Ndiye ine ndabwera ndi mawu amodzi chabe, nambala kaye, ndalama pambuyo. Musanapereke ngakhale ngwee imodzi gwadani pansi muwerenge nambala.

Pa Land Rover za Series nambala imakhala pawiri. Pali kapuleti pa bulkhead, chitsulo chija chimene chimagawa injini ndi pokhala anthu, koma kapuleti aliyense angathe kukachotsa n'kukhomapo kena. Yeniyeni ndi ija anadinda pa chassis penipeni, kutsogolo mbali ya kumanja pamene pamagwira sipuling'i. Pamakhala matope ouma ndi girisi wa zaka makumi, ndiye tengani bulashi ya waya ndi palafini pang'ono, kwechani ndi dzanja. Galayinda ayi!! Ukapita ndi galayinda pamenepo wafufuta nambala, ndipo wapolisi akaona pamalo ponyezimira iye adzati ndiwe unasintha. Mukaona kuti manambala ena ndi akulu ena ang'ono, kapena pali chigamba chowotcherera mozungulira nambalayo, imirirani, sasani fumbi m'mawondo, bwererani kwanu. Ndipo ogulitsa akamati buku linatayika nthawi ya maliro a agogo, pitani naye limodzi ku polisi akayang'ane motokayo, akakana mwadziwa kale.

Nambala yomweyo ndi imene imakuuzani kuti mwagula chiyani. Land Rover inayamba 1948 ku England, Series II inabwera 1958, IIA 1961, Series III kuyambira 1971 mpaka 1985. Pa IIA ndi pa Series III zoyambirira mupeza manambala 8 ndi chilembo kumapeto, atatu oyambawo amanena ngati ndi yaifupi ija ya mainchesi 88 kapena yaitali ya 109 (kuyeza kuchokera pa wilo lakutsogolo kufika pa lakumbuyo), ya petulo kapena ya dizilo, komanso ngati inachoka ku fakitale yathunthu kapena inabwera m'mabokosi n'kudzamangidwa kunja. Chilembo chakumapeto musachinyoze, ogulitsa masipeya amachifunsa chifukwa zinthu zinkasintha pakati pa Series imodzi yomweyo. Amene ali ndi intaneti, ku British Motor Museum ku Gaydon amasunga mabuku a fakitale, ukawatumizira nambala n'kulipira amakupatsa satifiketi yonena tsiku imene inapangidwa, nthawi zambiri ndi mtundu wa penti womwe.

Chifukwa chake ndikulimbikira n'chakuti Land Rover za kuno n'zosakaniza ngati kapenta wa pa Soweto amene wathiridwa timiyala. Zinagwira ntchito ku boma, ku mamishoni, kwa a game, m'mafamu, ndipo ikawonongeka ankangomasula chitseko cha iyi n'kuika pa iyo. Ndinaonapo ina ku Petauke nkhope ya Series III, giriro ya pulasitiki, koma kulowa mkati mawotchi ali pakati pa dashibodi, imeneyo ndi IIA yovala malaya a mng'ono wake. Series III mawotchi ali kutsogolo kwa dalaivala. Magetsi akakhala mkati pafupi ndi giriro ndi yakale, anawasamutsira m'mapiko chakumapeto kwa ma 1960. Koma zonsezi munthu amasintha ndi sipanala masana amodzi, chimene sichisinthika mosavuta ndi nambala ya pa chassis. Nambala kaye.

Ndiye pali bodza lija lakuti Land Rover sichita dzimbiri. Thupi lake inde ndi aluminiyamu, maginito sagwira, koma chassis ndi bulkhead n'chitsulo wamba. Ife tili ndi mwayi kuno kulibe nyanja ya mchere, koma matope a dzinja amalowa mkati mwa chassis n'kukhala momwemo ali onyowa, amadya kuchokera mkati kunja kukuoneka bwino. Tengani kanyundo mugogode, chitsulo chabwino chimalira ngwee ngwee, chowola chimangoti phu. Gogodani mtanda wakumbuyo uja pamene pali chokokera ngolo, timikono timene timanyamula thupi m'mbali, pansi popondera mapazi ndi mizati ya zitseko. Pamene aluminiyamu wakhudzana ndi chitsulo mupeza kaufa koyera, pamenepo zitsulo ziwirizi zikudyana. Inu anyamata mumakonda kupaka bodefila n'kupopera penti wakuda kuti bwana asaone, siyani zimenezo, motoka imeneyi idzanyamula ana a anthu pa zitunda za Manenekela.

(Bambo wina anaimika dzanja: Amdala, nanga bwanji osangochotsa chiinjini chakalecho n'kuikamo ya dizilo ya Toyota kapena Isuzu, masipeya ali mbwee m'tauni muno?)

Ehe, achimwene mwafunsa bwino, ndipo ambiri muno ndi zomwe mukuganiza. Sindikukanizani, motoka ndi yanu. Ngati mukufuna yonyamulira chimanga kuchokera ku Katete, injini ya chi Japan idzakuthandizani, mafuta imamwa pang'ono. Koma musadzanene kuti mwaibwezera mwakale, mwapanga chinthu china, ndipo munthu amene amafuna ya original akangotsegula boneti mtengo watsika pomwepo. Komanso injini yake ya malita 2.25 ija ndi yofatsa, ndipo giyabokosi, ma half shaft (zitsulo zija zimazunguza mawilo) ndi mabuleki zonse anazipanga molingana ndi kufatsa kumeneko. Mukaikamo injini yamphamvu choyamba kuthyoka ndi half shaft yakumbuyo, mudzangomva kuti thwa pa chitunda injini ikulira motoka osayenda. Ma 109 a Series III ali ndi akiselo ya Salisbury amapirirako, koma mabuleki akadali a dramu mawilo onse anayi, kuthamanga muthamanga nanga kuima? Chinanso nambala ya injini nayo inalembedwa mu white book, mukasintha injini osakalembetsa ku RTSA mwadziputira mlandu womwe uja wa mnzathu. Ndiye mukasintha lembetsani, sungani risiti ya injini yatsopanoyo, ndipo yakaleyo musakagulitse kwa a sikirapu pa kilo, thirani oilo m'masilinda muiphimbe muisunge. Injini imeneyo ndi yosavuta, ikakhala ya petulo ndi kabuleta ndi ma points basi, ilibe kompyuta, makanika aliyense wa pansi pa mtengo amaitha. Ine ndimati musanaiweruze kuti yafa yezani kaye compression, zambiri zimangofuna ma ring ndi kugaya mavavu.

Ndaona amayi ayamba kusuzumira kumsewu, ndithamange. Musanamasule kalikonse jambulani ndi foni, mbali zonse, mawaya onse. Mabawuti ikani m'timapepala ta pulasitiki mulembepo kumene achoka, ndipo dziwani kuti ambiri ndi a mainchesi osati mamilimita, sipanala ya 13 pa bawuti ya mutu wa hafu inchi imadya mutuwo, musakakamize. Yang'anani batire, zakale kwambiri waya wa positive ndi umene umapita ku thupi, mukalumikiza mwachizolowezi mwawotcha zinthu. Yambani chassis, kenako masipuling'i ndi ma akiselo, mabuleki, chiwongolero, injini, magetsi, penti ndi yomaliza. Mipira yonse ya mabuleki sinthani ngakhale ikuoneka bwino. Fumbi la m'madramu osapopera ndi kompresa, ma lining akale ena ali ndi asbestos, nyowetsani mupukute. Pansi pa motoka osalowa ili pa jeke yokha kapena pa mabuloko a simenti, buloko imaphwanyika osachenjeza, pezani ma stand achitsulo kapena zipika zolimba. Timitu tiwiri tija ta pafupi ndi giya, kachikasu mukakadina pansi ndi four wheel, kofiira mukakokera kumbuyo ndi low range, magiya amphamvu oyendera pang'onopang'ono, yesani zonse musanagule, koma four wheel osayenda nayo pa tala.

Za penti, mtundu wake weniweni muupeza pansi pa mipando kapena kuseri kwa hinji kumene dzuwa silinafike, kawirikawiri ndi wobiriwira uja amati Bronze Green, kapena Limestone, kapena Marine Blue. Aluminiyamu amafuna etch primer, penti woyambira wogwira pa aluminiyamu, apo ayi penti idzasupuka dzinja loyamba, ndipo zitsulo za galvanised za m'mphepete mwa bodi sizipentedwa, zisiyeni zotuwa choncho. Matayala a 109 ndi 7.50 x 16, osati zimatayala zonenepa zija mumakonda. Loweruka m'mawa tikumane ku garaji, pali 109 imodzi yafika dzulo sitinaikhudze, aliyense abwere ndi bulashi yake ya waya ndi zovala zakuda.