Kansomba kolowa m'nyumba chafutambuyo

[Chithunzi: kabowo pa thanthwe pansi pa nyanja]

Tayang'anitsitsani pakabowo aka. Mwakaona kamutu kakusuzumirako, maso ali tong'o, tinyanga tiwiri tofewa tili njo pamphumi? Kameneka ndi kansomba ka mtundu wa blenny, dzina lake la sayansi Ecsenius bicolor. Banja lake la Blenniidae lili ndi mitundu pafupifupi 400.

Kakakula kamalekera pa masentimita 11 basi. Kambiri kamakhala kodera kumutu, kumchira n'kukhala kachikasu ngati lalanje lakupsa. Kwawo ndi m'madzi ofunda a Indian Ocean ndi Pacific, m'matanthwe osazama kwambiri omangidwa ndi tizamoyo ta m'nyanja totchedwa makorali, kuyambira ku zilumba za Maldives mpaka ku matanthwe a Great Barrier Reef ku Australia.

[Kansomba katuluka, katera pamwala]

Onani mmene katerera. Nsomba zambiri zili ndi kathumba ka mpweya m'mimba kozithandiza kuyandama, koma aka kalibe. Kakangosiya kupalasa, kamamira. Ndiye moyo wake ndi wa pamwala: kamatsamira tizipsepse ta pansi pa khosi, kuunguzaunguza uku ndi uku, kudumpha pang'ono, n'kuteranso. Mamba kalibenso, khungu lake ndi loterera.

M'kamwa muli timano tambirimbiri tondondozana ngati chipeso. Ndi timeneti kamapala ndere pamiyala tsiku lonse. Ntchito imeneyi musaichepetse, chifukwa ndere zikachuluka zimaphimba malo oti makorali aang'ono amerepo.

[Mthunzi wa nsomba yaikulu ukudutsa]

Tsono apa ndi pamene ine pamandigwira mtima. Mdani akangoti tulukiru, iko psiti! kubwerera kubowo. Mchira ndi umene umayamba kulowa, mutu n'kutsalira pakhomo kuti maso asachoke pa mdaniyo. Bowolo sikakumba kokha ayi. Nthawi zambiri limakhala mphako yosiyidwa ndi nyongolotsi za m'nyanja. Kanzake kakayandikira, kamakapirikitsa mopanda chisoni.

M'bowo momwemo ndi mobalira. Kakakazi kamalowa, kuikira mazira omata pakhoma, n'kumapita. Wotsala ndi bambo. Amalondera usana ndi usiku, kukupiza mazirawo ndi zipsepse kuti madzi abwino azifikapo, mpaka ataswa.

Tiana timatuluka tili mbee ngati galasi, madzi n'kutitenga kupita nato kutali. Totsala ndi moyo timadzatsikira pa thanthwe lina, kalikonse n'kuyamba kusuzumira m'mabowo kufuna lopanda mwini.