Anivesale Kunyanja: Mukudikira Zanzibar Chifukwa Chiyani Pomwe Chintheche Ali Pakhomo?

[Kamera ili pa Katoto m'mamawa, nkhungu isanachoke mumsewu]

Taonani mmene kwazizirira muno mu Mzuzu. Ndavala juzi, pamwamba jekete, manja ali m'thumba. Koma nditati ndikwere galimoto pompano n'kutsetsereka msewu wa ku Nkhata Bay, pomafika nthawi ya tiyi ndikhala nditavula zonsezi, mapazi ali mumchenga wotentha. Musachoke. Lero tikambirana mmene mungatengere mayi a kunyumba, kapena bambo a kunyumba, kukakumbukira tsiku la ukwati wanu kunyanja. Ndipo pali bodza limodzi lomwe lakhala likundiwawa mumtima kwa zaka zambiri, lero ndithana nalo pamaso panu.

Monire mose! Muli bwanji abale anga a ku Chibavi, Luwinga, Mchengautuwa, Zolozolo, ndi inu amene mukuonera muli ku Joni. Ngati n'koyamba kufika pano, dinani subscribe ndi kabelu kaja, sizitenga ndi mphindi yomwe. Tiyeni.

Choyamba, nthawi. Anivesale yanu ili ndi tsiku lake, koma nyanja nayo ili ndi nyengo zake. Juni, Julaye mpaka Ogasiti kumawomba mwera, mafunde amakula, madzulo kumazizira. Seputembala mpaka Novembala madzi amadekha, dzuwa lili phwee, ndiyo nthawi yosambira. Dzinja ku Nkhata Bay mvula imagwa yambiri ndipo imachedwa kusiya. Pewaninso masiku a 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala, chifukwa dziko lonse limakhamukira kunyanja, mabasi ndi zoimbira zili pokopoko. Ngati tsiku lanu lagwera pamenepo, sunthani ndi sabata imodzi, ukwati suthawa.

Chachiwiri, malo. Kuchoka mu Mzuzu kufika pa Nkhata Bay ndi makilomita pafupifupi 50 pamsewu wa M5. Pamenepo pali gombe la Chikale, ndi malo ogona omangidwa pamiyala moyang'ana madzi. Mukafuna mchenga woyera wautali, pitirirani kummwera makilomita ena pafupifupi 40 mufike ku Chintheche, kutsogolo kwake kuli Kande. Panjira mudutsa m'mitengo ya rabala ya ku Vizara, pomwe anyamata amagulitsa mipira yopangidwa ndi utomoni wake. Imani mugulireko ana umodzi.

Tsono ndiime kaye pamenepa, chifukwa ndikudziwa zomwe ena mwayamba kale kulemba m'makomenti. "Aaa, ku Nkhata Bay? Kumene kuja timakagula usipa? Ife tikusunga ndalama, tikadzapeza tidzapita ku Zanzibar, kunyanja yeniyeni."

Nyanja yeniyeni! Mawu amenewa ndawamva ku ofesi, ndawamva kutchalitchi, ndawamva kwa mlamu wanga weniweni. Ukwati wawo watha zaka 14. Chaka chilichonse ankati chaka chamawa, chaka chamawa. Mpaka lero mkazi wake sanagonepo usiku ndi umodzi womwe kunyanja, pomwe amakhala mtunda wa ola limodzi kuchokera kumadziko. Zimenezi zimandipweteka kwambiri.

Sindikunyoza Zanzibar ayi. Ndi malo okongola, Stone Town ili ndi mbiri yake, ndipo amene angakwanitse apite ndithu. Koma tiyeni tiwerenge bwinobwino. Pafunika mapasipoti awiri. Pafunika ndalama zakunja, ndipo nonse mukudziwa mmene dola ikuvutira kupeza m'mabanki muno. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye ndalama zomwe munasunga m'mbuyomo zinafota zili m'buku. Mukayenda pamsewu, ndiye kuti Karonga, chipata cha Songwe, Mbeya, ulendo wautali mpaka Dar es Salaam, kenako sitima yapamadzi ya maola pafupifupi awiri. Masiku anu atchuthi theka lathera pampando wa basi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Nanga chomwe mukukachifuna kumeneko n'chiyani? Mchenga woyera? Pitani ku Chintheche mukaponde, mudzandiuze. Madzi oonekera mpaka pansi? Imani pamwala ku Nkhata Bay muyang'ane, muona mbuna zabuluu ndi zachikasu zikusewera pafupi ndi zala zanu. Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi. Ndi chifukwa chake mu 1984 bungwe la UNESCO linaika paki ya ku Cape Maclear pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Nyanjayi ndi yachitatu kukula mu Africa muno, kutalika kwake kumaposa makilomita 550, ndipo kuno kumpoto n'kumene kuli kozama kwambiri, mamita pafupifupi 700. Ukaima pagombe nthawi zambiri kutsidya sukuonako. Ndiye wina aziti si yeniyeni?

Ndiwonjezere china chomwe zithunzi za pa Instagram sizikuuzani. Kunyanja ya mchere madzi amaphwa ndi kubwerera kawiri patsiku. Ku Paje, kuvuma kwa Zanzibar, akaphwa amapita kutali ndithu, umatsala ukuyang'ana mchenga wonyowa ndi minda ya ndere, kudikira maola kuti abwerere. Kwathu kuno madzi ali pomwepo m'mawa, ali pomwepo madzulo. Sawawa m'maso, sasiya mchere pakhungu. Amayi amene mwalukitsa kumene tsitsi la anivesale, mukundimvetsa.

[Chithunzi: gombe la Chintheche, mabwato ali pamchenga]

Bodza limeneli lili ndi mphwake, ndipo mphwakeyo ndiye woipa kwambiri: "Malo amenewo ndi a azungu." Ndikuuzeni zomwe zinatichitikira ife. Titakwanitsa zaka 10, ndinatenga mayi a kunyumba kupita pa loji ina, dzina sinditchula. Tafika pageti ndi chikwama chathu, mlonda anatiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi n'kufunsa kuti, "Mukufuna ndani?" Osati takulandirani, osati mwayenda bwanji. Mukufuna ndani. Ngati kuti tabwera kudzafunsa ganyu. Mkazi wanga anandigwira mkono n'kunena motsitsa mawu, "Bambo, tiyeni tizibwerera." Ndinakana. Ndinatulutsa foni n'kumuonetsa uthenga wosonyeza kuti chipinda tinalipira kale. Anapepesa, anatinyamulira chikwama, ndipo masiku awiriwo anatisamala bwino kwambiri.

Usiku umenewo ndinaganiza za mlonda uja. Sindinamusungire chakukhosi. Iye anazolowera zomwe amaona tsiku ndi tsiku, ndipo Amalawi obwera awiriawiri kudzagona ankawaona mwa apo ndi apo. Tikapitiriza kukhala kunyumba n'kumati ndi za azungu, mlonda winanso adzafunsa mwana wanu funso lomwelo. Anthu amakwera ndege kuchokera ku London, kulipira ndalama zankhaninkhani, kudzagona pamchenga umene agogo athu ankayanikapo usipa. Chikondwerero cha nyimbo cha Lake of Stars chinayambira pa Chintheche pomwepa mu 2004, alendo akunja n'kumadzaza. Ife eni ake tili pa Katoto kudikira pasipoti.

Ndipo abambo, ndilankhule nanu inu. Ena mumaopa kuti anzanu akamva kuti mwapita ndi mkazi wanu kunyanja aziti anakudyetsani khuzumule. Koma anzanu omwewo akakuitanani ku Chikale Loweruka, ndalama ya mafuta imapezeka, ya nyama yootcha imapezeka. Mayi amene wakuphikirani zaka zonsezi, wakugonerani kuchipatala mwana atadwala, iyeyo ndiye ndalama imasowa? Ayi, abale anga. Zimenezo tisiye.

Lembani m'makomenti kuti ukwati wanu watha zaka zingati, ndipo munagonako kunyanja kangati muli awiri. Ndiwerenga onse. Mukatero dinani like, zimathandiza kuti vidiyoyi ifike kwa ena.

Chachitatu, ana. Asiyeni kwa agogo awo kapena kwa azakhali. Masiku awiri okha. Ulendo wa ana mudzapanga wina.

Chachinayi, ndalama, ndipo apa mvetserani bwino chifukwa ndi pomwe ambiri amabwerera. Mukaona mtengo wa madola pa intaneti musathawe. Malo ambiri ogona kunyanja ali ndi mtengo wina wa anthu okhala m'dziko muno, wotsikirapo kuposa wa alendo akunja, koma sakuuzani ngati simunafunse. Lembani pa WhatsApp kuti, "Ndine Mmalawi, ndikuchokera mu Mzuzu, mtengo wa eni dziko ndi zingati?" Funsaninso ngati mtengowo ndi wa munthu mmodzi kapena wa chipinda chonse, ngati chakudya cham'mawa chilimo, ndiponso ngati msonkho auphatikiza kale, kuti musakadzidzimuke potuluka. Auzeni kuti ndi anivesale, ena amakongoletsa chipinda ndi maluwa. Pakati pa sabata kumakhala bata kuposa Loweruka. Tengani ndalama zina m'manja, chifukwa netiweki ikavuta Airtel Money kapena Mpamba sizikuthandizani. Za mmene ife tinasungira pang'onopang'ono kudzera ku banki m'khonde ndinafotokoza m'vidiyo ya mwezi watha, ili apa pamwamba, mukaione mukamaliza ino.

Galimoto mulibe? Minibasi ndi matakisi a ku Nkhata Bay amanyamuka tsiku lonse. Nyamukani m'mawa.

Chachisanu, thanzi. Mzuzu ali pamtunda wa mamita oposa 1,200, nyanja ili pansi pa mamita 500, ndiye kumeneko kumatentha ndipo udzudzu ndi wambiri kuposa kuno. Gonani m'neti, muione kaye ngati ilibe zibowo. Likodzo liliko, tisanamizane. Limachokera ku tinkhono tokhala m'madzi osayenda, m'mabango ndi m'maudzu a m'mphepete. Sambirani poyera pomwe mafunde amamenya, ndipo mukabwerako pitani kuchipatala mukafunse za mankhwala a likodzo otchedwa praziquantel, akakuuzani nthawi yoyenera kumwa. Pamathiriro a mitsinje musasambe, makamaka kukamada, ng'ona zimakonda pamenepo. Mukakwera boti valani jekete yoyandamitsa ija ngakhale mumadziwa kusambira. Ndipo mowa ndi madzi akuya siziyendera limodzi.

Mwaona malaya ndavalawa? Pamodzi ndi diresi lofanana nawo anasoka ndi mayi a kunyumba, nsalu tinagula ku msika wa Taifa. Amene mukufuna zofanana za anivesale yanu, siyani uthenga pansipa, akuyankhani okha.

Chachisanu ndi chimodzi, mukafika muzikachita chiyani? Idyani za kumeneko. Musakafike ku Nkhata Bay n'kuitanitsa tchipisi ndi nkhuku zomwe mumadya kuno. Funsani batala wootcha, funsani kampango, ndipo ngati alipo kondowole, nsima ya chinangwa ya Atonga, nawani m'manja mudye. Mukakumana ndi akuluakulu pagombe apatseni moni, mumva okha kukoma kwa Chitonga. Amene muli ku Chintheche, pitani ku Bandawe mukaone tchalitchi chakale ndi manda a amishoni. Kumeneko ndi kumene Dr Robert Laws ndi anzake a mishoni ya Livingstonia anasamukira mu 1881 atachoka ku Cape Maclear, asanakwere phiri kupita ku Khondowe mu 1894. Ambirife ukwati wathu unadalitsidwa mu sinodi ya Livingstonia, ndiye kuima pamenepo muli awiri n'kupemphera pang'ono kumagwira mtima.

Usiku zimitsani mafoni. Khalani pamchenga muyang'ane nyali za asodzi a usipa zitandandalikana pamadzi ngati mudzi wina wamera pakati pa nyanja. Ife tinakhala pamenepo mpaka pakati pa usiku. Tinakamba za nyumba yathu yoyamba ya lendi ku Masasa, ya chipinda chimodzi, yomwe inkadontha pakona. Tinakamba za mwana amene tinataya. Zaka zonsezo nkhani imeneyo sitinaikambepo mofatsa, chifukwa kunyumba nthawi zonse pamakhala wina akugogoda, wina akulira, wina akufuna ndalama ya yunifomu. Mkazi wanga analira, inenso ndinalira, kenako tinaseka za tsiku la chinkhoswe pomwe ankhoswe anga anasochera njira.

Chinthu china chomwe ambiri amalakwitsa: gombe lathuli layang'ana kummawa. Dzuwa silimalowera m'madzi kuno, limatulukira m'madzi. Ndiye tcherani alamu isanakwane 5 koloko, mutenge chitenje chofunda, mukakhale panja kusanache. Mabwato amakhala akubwerera, amayi akutsika ndi mabeseni kukagula nsomba, kenako kutsidya kumafiira. Chithunzi chanu cha anivesale mujambule nthawi imeneyo.

Ofuna kuona dzuwa likulowera m'madzi, kwerani Ilala pa Nkhata Bay mupite ku Likoma. Sitima imeneyi yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, ndipo pachilumbapo pali tchalitchi chachikulu cha St Peter's chomwe anayamba kumanga mu 1903. Kumeneko pafunika masiku ochulukirapo, chifukwa mumabwerera tsiku lomwe sitima yabwerera, ndiye funsani kudoko za ndondomeko yake musanapemphe tchuthi kuntchito. Ulendo wa ku Likoma ndiujambula pawokha, kuyambira pogula tikiti mpaka potsikira m'boti laling'ono lija madzi ali m'mawondo. Tumizani vidiyo ino kwa bambo a kunyumba pa WhatsApp tsopano lino, asanaweruke kuntchito. Yewo chomene, tionana Lachisanu.