Madola 500 a msilikali, pikapu yamagetsi ndi ngolo yomwe ili kumbuyo

(Pachithunzi: pikapu yaima pamalo ogulitsira magalimoto, mbendera zikukupiza. Kamera ikudutsa pa pepala la mtengo n'kukaima pa chitseko cha dalaivala.)

Moni nonse. Lero tili ku America, ndipo munthu amene tikumutsatira ndi msilikali. Mwina ndi mchimwene wanu kapena mwana wa azakhali anu, poti lamulo la kumeneko limalola munthu wokhala ndi green card, chilolezo chokhazikika m'dzikomo, kulowa usilikali, ndiye anthu ochokera mayiko ambiri amavala yunifomu imeneyi. Msilikaliyu akufuna pikapu yatsopano. Wamva kuti asilikali amawachotsera mtengo, wamvanso kuti kwabwera mapikapu oyendera magetsi, ndipo akudziwa kuti pakangopita zaka ziwiri kapena zitatu adzamuuza kuti asamuke, katundu yense pangolo.

Tiyambe ndi ndalama, poti ndi zimene zimam'lowetsa pakhomo pa ogulitsa.

Makampani akuluakulu monga Ford, General Motors ndi Toyota ali ndi dongosolo lochotsera mtengo asilikali. Nthawi zambiri ndalama yake imakhala madola 500, ngakhale imasintha malinga ndi nyengo komanso mtundu wa galimoto. Oyenera kulandira ndi amene ali pantchito, a gulu la Reserve ndi National Guard (asilikali amene amaitanidwa nthawi ndi nthawi), opuma pantchito, ndipo kawirikawiri akazi kapena amuna awo. Amene anasiya usilikali asanafike popuma ayenera kuwerenga bwino, chifukwa makampani ena amaika malire a nthawi imene yadutsa chisiyireni ntchito. Umboni wake ndi pepala la malipiro lotchedwa LES kwa amene akadali pantchito, kapena fomu ya DD-214 kwa amene anatuluka, ndipo ambiri masiku ano amatsimikizira pa intaneti kudzera pa tsamba la ID.me. Amene ali kunja kwa dziko, monga ku Germany kapena ku South Korea, amagula kudzera ku Military AutoSource, kampani yogulitsa magalimoto kwa asilikali otere, galimoto n'kukaipeza akabwerera kwawo.

Madola 500 ndi ndalama ndithu, musaisiye. Koma iyikeni pambali pa pikapu ya madola 60,000. Siikwana ngakhale gawo limodzi pa magawo 100. Chimene chimandiwawa n'chakuti mnyamata wazaka 21 amalowa mu ofesi mtima uli pa 500 imeneyi, maso osaona nambala ina imene ili pansi pa pepala lomwelo, nambala ya chiwongola dzanja.

(Pachithunzi: manambala akulembedwa pa bolodi.)

Tiwerengere limodzi. Ngongole ya madola 60,000 yobweza miyezi 72. Chiwongola dzanja chikakhala 6 peresenti, pamwezi mumapereka pafupifupi 994. Chikakhala 9 peresenti, mumapereka pafupifupi 1,081. Pomatha zaka zisanu ndi chimodzizo, kusiyana kwake kwadutsa madola 6,000. Ndiye kuti 500 ija yamezedwa maulendo khumi ndi awiri. N'chifukwa chake asilikali odziwa zinthu amayamba apita ku Navy Federal Credit Union kapena ku USAA, mabungwe obwereketsa ndalama kwa asilikali, kukamva chiwongola dzanja chimene angapatsidwe, kenako n'kumapita kwa ogulitsa ali kale ndi nambala m'thumba. Amanenerera mtengo wa galimoto mpaka agwirizane, ndipo za usilikali amazitchula pamapeto, kuti 500 ija ichoke pa mtengo wogwirizana kale.

Pali malamulo awiri amene anthu amawasokoneza. Lamulo la Servicemembers Civil Relief Act la mu 2003 limati chiwongola dzanja chisapitirire 6 peresenti, koma ndi pa ngongole zimene munthu anatenga asanalowe usilikali. Ya pikapu yatsopanoyi siili m'gulu limenelo. Lamulo lomweli limathandiza kwambiri amene abwereka galimoto pa mgwirizano wa lease: akatumizidwa ku ntchito ya masiku 180 kapena kuposerapo, angathe kuthetsa mgwirizanowo popanda chilango. Lamulo lina ndi Military Lending Act, limene limaika malire a chiwongola dzanja a 36 peresenti, koma ngongole yogulira galimoto, pamene chikole ndi galimoto yomweyo, anaipatula. Choncho pa tebulo la ogulitsa, msilikali amadziteteza yekha ndi cholembera chake. Ndipo thandizo la msonkho la madola 7,500 limene boma linkapereka kwa ogula magalimoto amagetsi linatha pa 30 September 2025, ndiye mukaona kanema wakale akulitchula, musaliwerengere.

Tsopano galimoto yeniyeniyo.

(Pachithunzi: boneti ikutseguka yokha. M'malo mwa injini muli bokosi lalikulu lopanda kanthu.)

Iyi ndi Ford F-150 Lightning, imene inayamba kupangidwa ku Dearborn, m'chigawo cha Michigan, mu 2022. Pomwe pamakhala injini pali malo a katundu okwana malita 400, otsekeka, osalowa mvula. Zikwama za usilikali zimalowa bwinobwino, ndipo pansi pake pali kabowo kotulutsira madzi, moti mukhoza kuthiramo ayezi ndi zakumwa. Batire lili pansi pa galimoto, ndipo lilipo la mitundu iwiri: laling'ono limasunga magetsi okwana 98 kWh, lalikulu 131 kWh. Lalikululo limayenda mpaka mamailosi 320, kapena kuti makilomita pafupifupi 515, likadzaza. Rivian R1T, yopangidwa ku Normal m'chigawo cha Illinois, inatuluka chakumapeto kwa 2021, ndipo ili ndi mphako yodutsa mbali ina kukatulukira mbali ina pakati pa mipando ndi kumbuyo. Tesla Cybertruck inafika kwa ogula mu November 2023. Chevrolet Silverado EV inasankha njira ya batire lalikulu zedi, la pafupifupi 200 kWh.

Chimene chimandigwira mtima pa Lightning ndi masoketi ake. Imatha kutulutsa magetsi mpaka 9.6 kW, okwanira macheka, makina owotcherera zitsulo, firiji. Nyumba ikaikidwa zipangizo zoyenera, a Ford amati galimotoyi ingathe kuiyatsa kwa masiku atatu magetsi atazima. Aliyense amene anaphikapo nsima pa mbaula chifukwa magetsi athawa nthawi ya chakudya chamadzulo sangamve zimenezi osaima kaye.

Pa kukoka, mota yamagetsi ilibe mnzake poyambira. Mphamvu yake yonse imabwera pomwe mwangoponda, palibe kudikira kuti injini ilire kapena giya isinthe. Potsika phiri, mota yomweyo imagwira galimoto n'kumabweza magetsi m'batire, mabuleki osatentha. Kulemera kwa batire pansi kumapangitsanso kuti ngolo isamaigwedeze galimoto mwachisawawa. Pa pepala, Lightning imakoka mpaka mapaundi 10,000, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 4,500. Rivian ndi Cybertruck zimafika 11,000. Manambalawa sangolota. Pali muyezo wotchedwa SAE J2807, ndipo mbali ina ya mayesowo ndi kukwera chitunda cha Davis Dam ku Arizona dzuwa likuswa mtengo, makina oziziritsa m'galimoto ali otsegula mpaka kumapeto.

Koma mayesowa amafunsa ngati galimoto ingakoke. Safunsa kuti ikafika pati.

Mu 2022 magazini ya Car and Driver inamangirira kalavani ya mapaundi 6,100 ku mapikapu amagetsi n'kuwayendetsa pa liwiro la mamailosi 70 pa ola. Lightning inayenda mamailosi pafupifupi 100 okha, makilomita 160, mtunda ngati wa Lilongwe kufika ku Ntcheu. Chimene chimadya batire kwambiri pamsewu waukulu ndi mphepo. Kalavani ndi khoma loyenda, lalitali, lophwatalala kutsogolo, ndipo mukawirikiza liwiro, mphamvu ya mphepo yokukankhani imakula kanayi. Pikapu ya petulo nayo imamwa mafuta ambiri ikamakoka, koma thanki mumadzaza mphindi zisanu. Batire limafuna theka la ola kapena kupitirira.

Ndiye ganizirani msilikali wathu wapatsidwa kalata yosamuka, imene iwo amati PCS, kuchoka ku kampu ya Fort Carson ku Colorado kupita ku kampu ya Joint Base Lewis-McChord m'chigawo cha Washington. Ndi makilomita opitirira 2,000, kudutsa madera amene midzi yake ndi yotalikirana. Asilikali ambiri amasankha kudzisamutsa okha, chifukwa boma limawalipira potengera kulemera kwa katundu: amakwera pa sikelo galimoto ilibe kanthu, n'kudzakweranso itadzaza, mapepala a sikelo n'kukapereka ku ofesi. Ndi pikapu yamagetsi yokoka ngolo yayitali, ulendo umenewu adzaima kutchaja maulendo oposa khumi ndi awiri.

(Pachithunzi: malo otchajira, mipata yake yopanikizana ngati pamalo oimika magalimoto pa sitolo.)

Taonani malowa. Ambiri anamangidwa kuti galimoto ilowe chamutu kapena chambuyo, osati yodutsa ndi ngolo. Ndiye dalaivala amafuna malo, amaika miyala kumatayala, amatsitsa mwendo wa ngolo, amamasula matcheni ndi waya, amakatchaja, n'kubwerera kudzamangiriranso zonse, ana akulira kumbuyo. Ine maganizo anga ndi awa: ngati mumakoka boti kapena zipangizo za ntchito mtunda wosakwana makilomita 100 n'kubwera kudzatchaja kunyumba, pikapu yamagetsi ndi yabwino kuposa ina iliyonse. Ngati cholinga chanu ndi kudutsa dziko lonse ndi kalavani, ganizani kawiri, kapena lolani boma likunyamulireni katundu, inu muyende opepuka.

Tsopano kamera ibwerere pa chitseko pomwe tinayambira.

(Pachithunzi: chitseko cha dalaivala chatseguka. Pa chitsulo cha m'mbali pali kapepala kachikasu ndi koyera.)

Kapepala aka kamanena kulemera konse kumene galimoto iyiyi, osati ya pa chithunzi cha malonda, ingasenze pamsana pake. Anthu, zikwama, galu, zonse. Ndipo pikapu zamagetsi, poti batire lake ndi lolemera kale, nambala imeneyi siikhala yaikulu monga thupi la galimotoyo likuonekera.

Amene munakulira kumudzi mukudziwa ngolo ya ng'ombe. Matumba a chimanga mukawaunjika kumbuyo, mtengo wa ngolo umanyamuka, goli n'kumakola ng'ombe pakhosi. Mukawaunjika kutsogolo kwambiri, goli limapsinja khosi, ng'ombe n'kugwada. Ngolo ya galimoto ndi chimodzimodzi. Kulemera kumene kumatsamira pa chitsulo chokokera kuyenera kukhala pakati pa 10 ndi 15 peresenti ya kulemera kwa ngolo yonse. N'chifukwa chake popakira, gawo lalikulu la katundu, pafupifupi 60 peresenti, limaikidwa kutsogolo kwa matayala a ngolo.

Ndipo kulemera kotsamirako kumachotsedwa pa nambala ya pa kapepala kaja. Tiyerekeze kapepala kakuti makilogalamu 800. Ngolo yanu ndi ya makilogalamu 3,500, yomwe ili pansi ndithu pa malire a kukoka. Gawo la 12 peresenti ndi 420. Zitsulo zokokera, 40. Bambo, mayi ndi ana awiri, 280. Zatsala makilogalamu 60. Thumba limodzi la chimanga ndi kachikwama, basi mwafika pamalire, kumbuyo kwa pikapu kukadali kopanda kanthu. Apa ndi pamene ambiri amalakwira: malire a kusenza amatha msanga, malire a kukoka asanayandikire n'komwe.

Zina ndi zamanja. Mpira wachitsulo wokokera uli ndi masaizi atatu odziwika ku America, mainchesi 1 7/8, 2, ndi 2 5/16, ndipo saizi yake imalembedwa pa mpira komanso pa kamwa la ngolo. Ziyenera kufanana ndendende, chifukwa kamwa lalikulu pa mpira waung'ono limaoneka ngati lagwira mpaka mutagunda bampu. Matcheni awiri olumikiza ngolo ku galimoto muwapingase pansi, kuti ngolo ikamasuka igwere pa matcheni osati pa phula. Waya wa mapini asanu ndi awiri ndi umene umatenga magetsi a ma indiketa ndi a mabuleki a ngolo, ndipo m'zigawo zambiri ngolo yopitirira mapaundi 3,000 imayenera kukhala ndi mabuleki akeake. Ngolo ikalemera kwambiri pamafunika chokokera cha mipiringidzo, chimene chimabwezera kulemera kwina ku matayala akutsogolo kuti chiwongolero chisapepuke. Ku California, wokoka ngolo saloledwa kupitirira mamailosi 55 pa ola, ndipo kwa pikapu yamagetsi liwiro limeneli limawonjezeranso mtunda.

Pobwerera chambuyo, gwirani chiwongolero pansi pake. Dzanja likapita kumanzere, ngolo imapita kumanzere. Pang'onopang'ono, ndipo wokuwongolerani aime pomwe mukumuona pagalasi.

Chomaliza ndi chimene ndikufuna muchiloweze pamtima musananyamuke.

(Pachithunzi: kuchokera kumbuyo, kalavani ikuyamba kuyenda mokhotakhota pamsewu lole yaikulu itangoidutsa.)

Lole yakudutsani, mphepo yake yamenya kalavani m'mbali, ndipo pagalasi mukuona mchira ukuyamba kuvina, uku, uko, kukulirakulira. Phazi lidzathamangira pa buleki. Musaponde. Mukaponda buleki ya galimoto, ngolo imakukankhani cham'mbali ndipo kuvinako kumakula. Musalimbanenso ndi chiwongolero. Chigwireni chilunjike, chepetsani moto pang'onopang'ono, osachotsa phazi mwadzidzidzi pa chopondera moto, poti galimoto yamagetsi imadzigwira yokha mukangolichotsa. Ndiye dzanja lipite pa kachipangizo ka mabuleki a ngolo kali pafupi ndi chiwongolero, n'kukafinya. Ngolo yokha ndi imene imagwira, imakokera kumbuyo, zonse ziwiri n'kuwongoka ngati chingwe chokokedwa. Mukaima pamalo abwino, tsegulani ngolo, musunthire katundu wolemera kutsogolo, muyeze mpweya wa matayala, kenako muzinyamuka. Kachipangizo kameneka kapezeni ndi dzanja galimoto ikadali pabwalo, mukafinye kangapo maso ali kutsogolo, mpaka zala zizikapeza zokha.