Chikuto cha buku ndi mwana amene sanayambe kukonda kuwerenga

Mafumu, makolo, aphunzitsi ndi inu achinyamata, ndakulonjerani nonse. Ndapemphedwa kuti ndilankhule za kuwerenga, ndipo ndiyambira pa chinthu chimene ambiri timachiona ngati chopanda ntchito, ndicho chikuto cha buku.

Ambiri mudamva za William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Njala ya mu 2001 ndi 2002 itavuta, makolo ake adalephera kumulipirira fizi ku sekondale, choncho ankapita ku laibulale yaing'ono ya pasukulu ya pulaimale kwawoko. Kumeneko adaona buku la Chingerezi lotchedwa Using Energy, limene pachikuto pake padali chithunzi cha makina ataliatali ozungulira ndi mphepo. Chingerezi chinkamuvuta, koma chithunzicho chidamukoka mtima mpaka adatsegula bukulo n'kuyamba kutsata zojambula za m'katimo. Ali ndi zaka 14 adamanga makina akeake pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugamu, njinga yakutha, dayinamo ndi mapaipi apulasitiki, ndipo m'nyumba mwawo mudayaka magetsi.

Tsono taganizirani zimene timachita m'masukulu mwathu. Mwana akalandira buku, timamuuza kuti alikutire ndi nyuzipepala kapena pepala la khaki kuti lisade, ndipo mabuku onse amasanduka ofanana, osadziwika kuti la nthano ndi liti, la sayansi ndi liti. Ena timawakhomera m'kabati ya muofesi kuopa kuti angang'ambike. Cholinga n'chabwino, pakuti mabuku ndi odula, koma buku lobisika siliitana munthu. Ngati n'kotheka tizikutira ndi pulasitiki yoonekera, ndipo pashelefu tiziika ena moyang'anitsa chikuto kwa ana, pamsinkhu woti mwana wa Sitandade 3 afikepo ndi dzanja lake popanda kupempha munthu wamkulu.

Komabe chikuto ntchito yake n'kuitana basi, ndipo nthawi zina chimanamiza. Mukagwira buku, werengani mawu a kuseri kwake, kenako tsegulani pakati n'kuwerenga tsamba limodzi lathunthu. Ngati mtima ukufuna kudziwa zimene zili patsamba lotsatira, bukulo litengeni.

Ndikunena izi chifukwa mabuku athu akale a Chichewa ambiri ali ndi zikuto zosakopa, zina zothetheka ndi zodyedwa ndi chiswe, ndipo achinyamata amangowadutsa. Zimandipweteka mtima, pakuti m'menemo ndi mmene muli chilankhulo chathu chokoma. Funafunani Nthondo, buku la Samuel Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, limene lidatuluka mu 1933 ndipo likutsata moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa kwake, unyamata wake wosamva, mpaka kudzakhala mfumu. Funafunaninso Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe, limene makolo angawerenge pamodzi ndi ana awo osinkhuka n'kumakambirana zimene zidasintha ndi zimene zikadalipo. Okonda ndakatulo afunse za mabuku a Benedicto Wokomaatani Malunga, ndipo aziwerenga mokweza, chifukwa ndakatulo zimakoma zikamveka m'khutu. Kumene kuli nthambi ya National Library Service, pitani mukalembetse, mukafunse mabuku amenewa powatchula maina.

Kwa inu makolo, mwana amatengera zimene akuona pakhomo. Ngati sadaonepo bambo kapena mayi ake atagwira buku, kupatula Baibulo kapena Korani pa tsiku la mapemphero, adzaganiza kuti kuwerenga n'kokonzekera mayeso kokha. Madzulo mukatha kudya, musiyeni mwana akuwerengereni tsamba limodzi kapena awiri pa kuwala kwa tochi, ndipo akalakwitsa mawu musamukalipire. Ngakhale agogo amene sadapite kusukulu angathe kumvetsera, n'kufunsa mdzukulu wawo kuti nkhaniyo yathera pati ndipo mawa ipitirira bwanji.