Ndege zachilendo za Majeremani za nthawi ya pulopela

Zikomo amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata mwakhala kumbuyoko sendererani kuno muzione bwino zithunzizi. Lero tikamba za ndege zomwe Majeremani anapanga pakati pa 1937 ndi 1945, za pulopela zija, ma jeti asanafale. Zotchuka ngati Bf 109 ndi Stuka ndizisiya. Ndasankha zomwe ukangoona chithunzi umati wopangayo mutu sunkayenda bwino, pomwe ukafufuza umapeza kuti mawonekedwe achilendowo anali yankho la vuto lenileni, ndipo zambiri zinkauluka bwinobwino.

Chithunzi choyambachi ndi BV 141, ya kampani ya Blohm & Voss ya ku Hamburg. Taonani. Injini ndi mchira zili pa thupi limodzi cha kumanzere, anthu atatu akukhala m'kanyumba kagalasi kapadera cha kumanja pa phiko. Ndege yopendekera mbali imodzi eti? Nkhani yake inali yoti mu 1937 unduna woona za ndege unafuna ndege ya injini imodzi yokazonda adani, yoti anthu ali m'katimo aziona pansi mbali zonse. Vuto la injini imodzi ndi loti imakhala kumphuno, kutsogolo kwa payiloti, ndiye imamutchinga. Injiniya wawo Richard Vogt, munthu amene anagwirapo ntchito zaka zambiri ku Kawasaki ku Japan, anangoti chabwino, injini ikhale payokha anthu akhale paokha.

Tsono apa ndi pomwe ndimafuna amakaniko muli panonu mumvetsere. Pulopela ikamazungulira siimangokoka ndege kutsogolo ayi, imaipotozanso, ndege ya injini imodzi imafuna kukhotera mbali imodzi makamaka ponyamuka ndi pokwera, payiloti amachita kuponda pedulo kuti aiwongole. Vogt poika injini cha kumanzere anapangitsa kuti kukoka kwa injiniyo kuzikankhira mphuno kumanja, pomwe kupotoza kwa pulopela kukuikokera kumanzere, mphamvu ziwirizo n'kumathana zokha. Inauluka koyamba pa 25 February 1938 ndipo oiyesa anapeza kuti siivuta kuyendetsa. Pa mtundu wachiwiri anadulanso chipiko chakumchira cha kumanja kuti wowombera mfuti kumbuyo aziona bwino, ndege n'kumaulukabe.

Nanga inathera kuti? Mtundu wachiwiriwo unkafuna injini ya BMW 801, ndipo injini yomweyo ndi imene inkaikidwa mu Fw 190 yomenyera nkhondo, yomwe ankaifuna zikwizikwi. Ntchito yokazonda inapita kwa Fw 189 ya injini ziwiri zing'onozing'ono, ngakhale poyamba anati akufuna ya injini imodzi. BV 141 sizinafike ngakhale 30 ndipo palibe yatsala lero. Ineyo pa ndege zonsezi iyi ndi imene ndimaipatsa ulemu kwambiri, chifukwa munthuyu anakhulupirira masamu ake pomwe maso a wina aliyense ankati sizingatheke.

Yachiwiri ndi Dornier Do 335, ankaitchula kuti Pfeil, kutanthauza muvi. Iyi vuto lake linali liwiro. Ukafuna liwiro umaonjezera injini, koma ukaika injini ziwiri pa mapiko ndege imakula kutsogolo, mphepo imaigwira kwambiri, komanso injini imodzi ikazima inayo imakokera ndege chammbali moti apayiloti ambiri anafa nazo zimenezo ponyamuka. Claude Dornier anaika injini zonse ziwiri mu mzere umodzi m'thupi la ndege, ina kumphuno ikukoka, ina kumbuyo kwa payiloti ikuzunguza pulopela ya kumchira kudzera pa shafiti yaitali, iyo ikukankha. Shafitiyo sanangoikhulupirira, anayamba aiyesa pa kandege kakang'ono kotchedwa Gö 9. Injini zake zinali DB 603, iliyonse mahatchi pafupifupi 1,750. Inauluka koyamba pa 26 October 1943 ndipo inkafika makilomita 760 pa ola, pomwe Mustang ya Amereka, yomwe inali ndege yothamanga zedi, inkathera cha m'ma 700. Injini imodzi ikazima, inkapitabe molunjika.

Koma taganizani inu ndinu payiloti, ndege yagwira moto, mukufuna kudumpha ndi parachuti, kumbuyo kwanu kuli pulopela ikuzungulira. Mungadumphe bwanji? Anaika mpando woponya munthu kunja ndi mphepo yopanikizidwa, ndiponso mabawuti okhala ndi onga oti akaphulika pulopela yakumbuyo ndi chipsepse chapamwamba cha mchira zithothoke kaye munthu asanatuluke. Pansi pa mchira panalinso chipsepse china choteteza pulopela kuti isagunde pansi ponyamuka. Injini yakumbuyo inkavutitsa, inkatentha chifukwa mphepo siinkaifika mokwanira. Kenako mu 1944 mabomba anagwetsa fakitale ya Dornier ya ku Manzell n'kuononga zipangizo zopangira ndegeyi, ndiye pomwe nkhondo imatha zinali zitapangidwa zosakwana 40. Imodzi yokha ndi imene ilipo, ku nyumba yosungira ndege zakale ya Udvar-Hazy Center ku Virginia ku America. M'ma 1970 anaibweza ku Germany kuti a Dornier akaikonze, amisiri aja anapeza mabawuti a onga aja adakali amoyo, patatha zaka 30.

Achimwene mwafunsa za chithunzi cha injini zisanucho, tiyeni tipite komweko. Imeneyo ndi He 111Z. Majeremani anapanga Me 321, chindege chonyamula katundu chopanda injini, mapiko ake mamita 55, choti china chizichikoka ndi chingwe. Poyamba ankachikoka ndi ndege zitatu za Bf 110 nthawi imodzi, imodzi ikangolakwitsa pang'ono ngozi, ndipo anthu anafadi. A Heinkel anatenga ndege ziwiri zoponya mabomba za He 111 n'kuzilumikiza ndi phiko lapakati, n'kuikapo injini yachisanu, ngati ng'ombe ziwiri pa goli limodzi zikukoka ngolo. Payiloti ankakhala m'thupi lakumanzere. Zinapangidwa pafupifupi 12 basi ndipo ntchito yake zinkaigwira.

Pambuyo pake anaona kuti bola chindegecho chikhale ndi injini zakezake, anachiika zisanu ndi imodzi za ku France za Gnome-Rhône, n'kukhala Me 323. Thupi lake linali mapaipi achitsulo okutidwa ndi nsalu, mphuno inkatseguka ngati zitseko galimoto n'kulowa. Koma chinali chochedwa momvetsa chisoni. Pa 22 April 1943 gulu la ndegezi litanyamula petulo kupita kwa asilikali awo ku Tunisia linakumana ndi ndege za adani pafupi ndi Cap Bon pa gombe la Tunisia, ambiri mwa apayiloti a adaniwo anali a ku South Africa, ndipo zoposa 10 zinagwera m'nyanja zikuyaka pa kanthawi kochepa. Nsalu ndi petulo, mukudziwa nokha.

Pali chinthu sindingachidumphe, chifukwa ndikamakamba za nzeru za mainjiniyawa wina angaganize kuti ndikuyamikira boma la Hitler. Ndege zimenezi zinkapangidwira nkhondo yolanda mayiko a eni, ndipo m'zaka zomaliza manja ambiri m'mafakitale a ndege anali a anthu ogwidwa ukapolo. Fakitale ya Heinkel ku Oranienburg inkagwiritsa ntchito akaidi a msasa wa Sachsenhausen, Messerschmitt nayo inkagwiritsa akaidi a msasa wa Gusen, anthu ankafa ndi njala ndi kumenyedwa pafupi ndi mapiko omwe akukhomawo. Mukamaona zithunzizi muziwakumbukira anthu amenewo.

Chomaliza ndi kanthu kakang'ono kwambiri, ndipo ndi kamene kanafika kufupi ndi kwathu kuno. Fa 330, ya kampani ya Focke-Achgelis. Kalibe injini. Ndi mpando, mapaipi ochepa, kamchira, ndi mapeni atatu ozungulira pamwamba ngati a helikopita. Sitima zawo zoyenda pansi pa madzi zinali ndi vuto loti zikayandama zimakhala pafupi kwambiri ndi madzi, mlonda saona patali. Ndiye ankatulutsa kachipangizoka m'mabokosi, kukamanga pamwamba pa sitima, sitima n'kumathamanga molimbana ndi mphepo, mapeni aja n'kuyamba kuzungulira okha ndi mphepoyo, munthu n'kukwera m'mwamba mamita pafupifupi 120 ali pa chingwe. Ali kumeneko ankaona makilomita 40 ndi zoonera patali, n'kumalankhula ndi apansi pa telefoni yodutsa m'chingwe momwemo.

Ku Atlantic sanakagwiritse ntchito kwenikweni chifukwa ndege za adani zinali mbwee, ndipo sitima ikafuna kumira mwachangu munthu ali m'mwambayo atani? Panali chogwirira choti akakoka mapeni aja amathothoka, parachuti n'kutseguka, iye n'kugwera m'madzi kumadikira kuti mwina anzake abwerera. Choncho anakatumiza ku nyanja ya Indian komwe kunali ndege zochepa. Mu August 1943 sitima ya U-177 inakagwiritsa ntchito kuona sitima yakatundu ya ku Greece yotchedwa Efthalia Mari kufupi ndi Madagascar, n'kuimiza m'nyanja. Angerezi anadzakaona kachipangizoka ndi maso awo mu May 1944, pomwe sitima ina ya U-852 inaphulitsidwa ndi ndege n'kukatsakamira pa gombe la Somalia, atalowa m'katimo anakapeza. Tingapo tilipobe m'nyumba zosungira zakale ku Britain, ku Germany ndi ku America.

Zithunzizi ziyende m'manja, yambirani mzere wa amayiwu, amene ali ndi funso akweze dzanja.