Nyenyezi zikutuluka zopindika pachithunzi? Yambani ndi masekondi awiri

Moni nonse. Tiyerekeze kuti mwajambula chithunzi cha nyenyezi ndi kamera yolumikizidwa ku telesikopu. Patali chikuoneka bwino ndithu, koma tikachikulitsa, nyenyezi zina zatalika, zina zamera michira. Ambiri akaona chonchi amathamangira kugula chipangizo china. Dikirani kaye. Lozetsani telesikopu pamalo amodzi, jambulani kwa masekondi awiri okha, kenako kwa masekondi 60, muike zithunzi ziwirizo pamodzi.

Ngati pa masekondi awiri nyenyezi zili zozungulira, koma pa 60 zonse zatalikira mbali imodzi, pakati ndi m'makona momwe, magalasi anu alibe mlandu. Vuto lili pa mount, chipangizo chomwe chimanyamula telesikopu n'kumaitembenuza kuti izitsatira nyenyezi. Dziko limazungulira, choncho thambo limasuntha madigiri 15 pa ola lililonse, ndipo mount imalitsatira bwino pokhapokha italoza molondola pamene thambo limazungulirapo.

Apa ife a kumwera kwa equator tili ndi ntchito yapadera. Anzathu a ku Ulaya amangoyang'ana Polaris, nyenyezi yomwe ili pafupi ndi pamene thambo la kumpoto limazungulirapo, koma kuno sioneka. Yathu ndi Sigma Octantis, kanyenyezi kozimiririka, ndipo ku Lilongwe kamakhala madigiri pafupifupi 14 okha pamwamba pa chizimezime, kumene mitengo, nyumba ndi utsi zimaphimba. Ine ndinganene kuti musavutike kukasaka ndi maso. Gwiritsani ntchito mapulogalamu a pakompyuta othandiza kulozetsa mount: drift alignment ya mu PHD2, kapena Three Point Polar Alignment ya mu N.I.N.A., zomwe sizifuna kuti muone pamene thambo limazungulirapo. Onaninso mawaya ngati akukoka kamera, komanso mphepo.

Nanga ngati nyenyezi zapindika ngakhale pa masekondi awiri? Tsopano funso ndi lakuti zapindikira pati.

Onani makona anayi a chithunzi. Pakati nyenyezi zili bwino, koma m'mphepete zikuoneka ngati mbululu, michira yonse yaloza kunja. Imeneyi ndi coma, ndipo telesikopu ya mtundu wa Newtonian (yosonkhanitsa kuwala ndi galasi lalikulu la kalilole) ya f/4 kapena f/5 (kutanthauza yaifupi poyerekeza ndi kukula kwa galasi lake) imatero mwachibadwa, sikuti yaonongeka. Mankhwala ake ndi coma corrector, kagalasi koikidwa patsogolo pa kamera. Koma samalani mtunda wa pakati pa corrector ndi sensa ya kamera, kachipangizo ka m'kati kolandira kuwala. Zambiri zimafuna mamilimita 55, ndipo mukaphonya ndi milimita imodzi kapena awiri makona amaipabe. Werengani zomwe opanga analemba, muonjezere kapena kuchotsa timphete toika pakati pa corrector ndi kamera pang'onopang'ono.

Michira ikaoneka pakati penipeni pa chithunzi, magalasi sakuyang'anizana bwino, afunika collimation. Newtonian imasokonekera ngakhale pongoinyamula pagalimoto, ndiye muziiona usiku uliwonse musanajambule.

Nyenyezi za ngodya zitatu zimandimvetsa chisoni, chifukwa munthu amazibweretsa yekha pofuna kusamala. Galasi lalikulu limagwiridwa ndi tizitsulo titatu, ndipo mukatimanga kwambiri galasi limapanikizika n'kupindika. Masulani mpaka kapepala kazitha kulowa pakati pa kachitsulo ndi galasi.

Nyenyezi yotupa yokhala ndi bowo pakati ndi vuto la focus chabe, kutanthauza kuti kamera sili pa mtunda umene chithunzi chimaonekera bwino. Ikani kukamwa kwa telesikopu Bahtinov mask, chivundikiro chokhala ndi timipata chomwe chimachititsa nyenyezi yowala kutulutsa mizere itatu, musinthe focus mpaka mzere wapakati ukhale pakati penipeni, ndipo muzionanso usiku ukamazizira.

Kona imodzi yokha ikaipa, chinachake chapendekeka. Tembenuzani kamera madigiri 180, mujambulenso. Kona yoipa ikakhala pomwepo pachithunzi, vuto lili pa kamera kapena cholumikizira chomwe chatembenuka nayo. Ikasamukira mbali inayo, pitani ku focuser, pomwe kamera imalumikizidwa ku telesikopu, muone ngati ikulendewera ndi kulemera kwa kamera.